Botolo Limodzi, Mphutsi Imodzi

Kuseri kwa nyumba ya a Mussa ku komboni ya George kuli kampata kopapatiza, pakati pa khoma la bafa ndi kashedi kamene bambo a panyumbapo amasuliramo mbaula. Munthu wathupi sangadutsemo, n'chifukwa chake mayi ake a Tinenenji sankapitako. Mmenemo ndi mmene mtsikanayu ankasunga chinsinsi chake: mabotolo a chiponde khumi ndi awiri ondandalikidwa pathabwa, lililonse lili ndi madzi theka, kaudzu kamodzi, nambala yake papepala, ndi mphutsi imodzi yam'madzi.

Mabotolowo sanali ake. Anali a Kombe.

Anadziwana mu Januwale, mvula itadzaza chidzenje chakale chimene anthu ankakumbamo miyala kumapeto kwa komboni. Tine anali atangolemba mayeso a Giredi 12, ndipo tsikulo anatumidwa kukasiya mbaula kwa kasitomala. Pobwerera anaona mnyamata wamtali ali m'madzi mpaka m'mawondo, akusefa matope ndi sefa ya tiyi. Azimayi oswa miyala ankamuseka. Tine sanaseke. Anangoima n'kumayang'ana, mpaka mnyamatayo anamukodola kuti adzaone.

M'kabeseni munali chikumbu chakuda, chosalala ngati njere ya bwemba. Chinakwera pamwamba pa madzi, chinatulutsa kumbuyo kwake, chinabisa mpweya pansi pa mapiko n'kumiranso.

"Chiyenda na mpepo yake," anatero mnyamatayo. "Monga muntu wamene anyamula lanchi ku nchito."

Tine anaseka atagwira pakamwa. Mpaka lero sadziwa chimene chinamuseketsa.

Kombe anali wa ku Kopala, dera la migodi, wophunzira chaka chomaliza kuyunivesite, ndipo ankagona anthu anayi m'chipinda chimodzi ku Kalingalinga. Mayi eninyumba anamuuza kuti asankhe, iye kapena tizilombo take. Ndiye mabotolo anabwera ku George mmodzimmodzi m'chikwama cha Tine.

Ntchito yake inali yotere. Zikumbu zam'madzi zikakula zimafanana kwambiri, poti zonse zimasambira mofanana, ndipo n'kovuta kudziwa kuti ichi ndi m'bale wa chiti. Chibale chenicheni chimaoneka bwino pa ana ake, mphutsi zija. Mphutsi ikafundula, Tine ankatola kachikopa kaja ndi nthenga n'kukaika m'kabotolo ka sipiriti kolembedwa nambala yomweyo. Kombe ankakawerenga tiubweya ta m'miyendo pa makina okuza zinthu, kenako n'kudikira kuti aone mphutsi iliyonse isanduka chikumbu chanji. Lamulo linali limodzi, ndipo analibwereza katatu: botolo limodzi, mphutsi imodzi.

Kunena zoona, poyamba Tine ankaziopa. Zinali zazitali ngati chala, ndi mano awiri opindika ngati zikwakwa. Anavomera chifukwa ankafuna chifukwa chomuonera Kombe. Koma pofika mu Malichi ankadzuka nazo m'mutu, ankadziwa yaulesi ndi yaukali, ndipo zimenezi sanauzeko munthu, ngakhale Kombe yemwe.

Lachiwiri m'mawa anapeza ya nambala 7 yakana chakudya. Inkangozungulira, n'kumakwera kaudzu, n'kugwa. Anatenga foni.

"Namba 7 yaleka kudya. Ifuna chabe kukwela. Yadwala?"

Yankho silinachedwe.

"Siinadwale, yakula. Ifuna kuchoka mu manzi. Ika doti yonyowa mu kachitini, uyiike pamwamba, uvinikepo. Ukayisiya mu botolo izafa."

"Ya mu manzi ingafe na manzi?"

"Ntawi ikakwana, ee. Nanga iwe wadya?"

Tine anayang'ana funsolo nthawi yaitali. Analemba kuti amamusowa, anafufuta. Analembanso, anafufutanso. Pomaliza anangotumiza kuti, "Nadya."

Kachitini kaja anakaika pakati pa zitini za maluwa a mayi ake kukhonde, pamene panali mthunzi wabwino.

* * *

Lachinayi pakiyosiki ya madzi panali mzere wautali. Tine anaika zigubu zake kumbuyo kwa mayi wina wobereka mwana, n'kuyang'ana pansi monga amachitira nthawi zonse. Anamva fungo la mafuta a tsitsi asanamve mawu.

Anali Chrissie, mwana wa a neba, wamkulu kwa iye ndi zaka ziwiri, woluka tsitsi pansi pa mtengo wa mango. Ndiye anayamba kumulozera Kombe njira ya kuchidzenje, ndipo sabata yonse ija anauza aliyense kuti wapeza wa kuyunivesite. Kombe atayamba kufunsa za Tine, Chrissie anasiya kumupatsa moni.

Lero moni unabwera wokha.

"Ba Tine! Mwauka bwanji, ba dokota?"

"Bwino, ba Chrissie."

"Nakumvela kuseni pa mpanda. Unali kukamba na mabotolo."

"Sininali kukamba."

"Ati, 'Idya, idya, mwana.' Mwana wa ndani uyo?"

Atsikana awiri amene anali kutsogolo anatembenuka.

"Ni va sukulu va ba Kombe," anatero motsitsa mawu.

"Va sukulu!" Chrissie anaomba m'manja. "Naise tinapitako ku sukulu, mwandi, koma sitinaoneko homuweki yamene idya."

Mzere wonse unaseka, ngakhale mnyamata wotsegula mpopi. Chrissie anasendera pafupi, mawu ake anafewa ngati a munthu wachifundo.

"Iwe, nikuuze monga mukulu wako. Mwamuna akakupasa botolo ati sunga kuseli kwa nyumba, bamami bako basazibe, uganiza ni chani? Wakugwila kale. Ona mwamene wayondela. Kudala unali kuyimba mu kwaya na mutima onse, manje uyangana chabe pa foni."

"Ni vidoyo chabe. Vidya udzudzu."

"Ee, vidya udzudzu lelo. Mailo vizadya iwe."

Tine anali ndi mayankho ambiri, koma onse anamufikira ali kale panjira, zigubu zikumukoka manja. Ndi mmene zimamuchitikira nthawi zonse. Anadzilimbitsa mtima kuti Chrissie ndi wapakamwa chabe, mawa aiwala.

* * *

Loweruka masana, pochokera kokonzekera nyimbo za kwaya, anapeza mayi ake, a Anna, atakhala pampando wamatabwa pakati pa bwalo. Kutsogolo kwawo kunali ndowa ya madzi onunkha klorini, ndipo m'mbali mwake, atawagadamitsa padzuwa, munali mabotolo a chiponde. Oyera mbee. Mapepala a manambala anali atanyowa, atamatirira pansi.

Tine anaima pageti.

"Lowa," anatero a Anna osakweza mawu. "Ndinachita kutuma Chrissie kuti akanditulutsire, poti ine mmene muja sindikwanamo. Miyezi iwiri, Tinenenji. M'nyumba mwanga."

"Amama, zili kuti?"

"Ukufunsa zimenezo? Sukufunsa kuti mayi ako agona bwanji?"

"Chonde, mwazitaya?"

"Kutaya umboni? Ndine wopusa ine? Ndazikhuthulira zonse m'beseni limodzi, ndawerenga ndekha, khumi ndi chimodzi. Beseni lili mushedi, ndipo kiyi ali ndi abambo ako."

Tine anayang'ana kushedi.

"M'beseni limodzi? Amama, zidyana! Sizikhala pamodzi. Ndiloleni ndikazipatule, ndikupemphani, mphindi zisanu zokha."

A Anna anamuyang'ana mwana wawo ndi maso odzaza misozi, ndipo Tine anaona kuti sanali okwiya kwenikweni. Anali ndi mantha.

"Tamva mmene ukuzilirira," anatero. "Ngati ana ako. Mwana wanga amene ankathawa mphemvu."

Bambo ake, a Edwell Mussa, anafika dzuwa likupendeka, kuchokera ku msonkhano wa akulu a mpingo. Anali munthu wofatsa, wa manja a zipsera za malata, wosakonda kuweruza nkhani asanamve mbali zonse. Anamvetsera mkazi wawo, anamvetsera mwana wawo, kenako anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Palibe akhudze beseni lija mpaka mwini wake atabwera," anatero. "Umuuze mnyamatayo afike mawa tikaweruka kutchalitchi. Akandikhutiritsa, nkhani yatha. Akapanda kutero, Lachisanu ukwera basi ya ku Katete, ukakhala ndi azakhali ako a Tiyanjane mpaka mutu wako utakhala m'malo."

"Ababa, zikafika mawa zikhala zitatha."

"Ngati n'zachilengedwe, usiku umodzi sizingafe."

Ku Katete kunali kutali, ndipo azakhali a Tiyanjane sankalola mtsikana kukhala ndi foni. Tine analowa kuchipinda, anakhala pabedi n'kulemba: "Batata bafuna kukuona mailo, fifitini awazi."

"Yaba! Nivale tayi?"

"Vala."

"Bana bali bwanji?"

Apa ndi pamene anayenera kumuuza. Anadziwa kuti ayenera kumuuza. Koma anaopa kuti akamva, mwina sabwera n'komwe, ndipo akapanda kubwera ndiye kuti Katete. Anatseka foni n'kuyiika pansi pa pilo ngati yotentha.

* * *

Kombe anafika nthawi isanakwane, atavala jekete yobwereka imene manja ake ankathera pamwamba pa wotchi. Anagwada pang'ono pageti, anaomba m'manja mwaulemu wa kwawo.

"Muli bwanji, batata? Muli bwanji, bamayo?"

A Mussa anamulozera mpando. Tine anakhala pamphasa pafupi ndi chitseko, ndipo pamwamba pa mpanda wa kwa a neba panaoneka mutu wa Chrissie, amene anapeza kuti nthawi yabwino yoyanika zovala ndi imeneyo.

A Mussa anatsegula shedi, anatulutsa beseni lovundikira ndi lata, n'kuliika pakati pa bwalo. A Anna anavundukula okha. Anawerama, analoza ndi chala, ndipo anabwerera m'mbuyo atagwira pachifuwa.

"Zitatu! Abambo, taonani! Ndinaika khumi ndi chimodzi, munakhoma nokha, kiyi anagona m'thumba mwanu. Zinazo zapita kuti? Zatuluka bwanji?"

"Mayo!" anatero mawu a pampanda.

Kombe sanamve chilichonse cha zimenezi. Anali atagwada pambali pa beseni, thalauza la tchalitchi lili m'fumbi. Tine anaona nkhope yake ikugwa pang'onopang'ono. Anayang'ana mabotolo otsukidwa aja, anayang'ana mapepala a manambala atauma pansi. Kenako anathyola kaudzu, anakapisa pansi pa beseni, n'kutulutsa kanthu kopyapyala kolendewera ngati ulusi wonyowa.

"Sivinayende kulikonse, bamayo. Ni ivi apa." Anatulutsa kena, ndi kena, n'kumandandalika palata. "Ivi vidoyo sivitafuna. Vilasa na meno, vimwa vamukati, visiya chikumba chabe. Vikankala pamozi vidyana. Ndiye chifukwa ninali kuika chimozi chimozi."

A Mussa anavala magalasi. Anawerenga zikopa zija ndi chala chawo chokhakhala. Zinali zisanu ndi zitatu.

"Zisanu ndi zitatu, kuonjeza zitatu," anatero. "Anna, masamu akwana."

Anapempha kuti aone mmene zimadyera. Kombe anapatula zitatu zotsalazo m'mabotolo, Tine anathamangira ku tayala lakale la kuseri n'kubwera ndi mphutsi za udzudzu m'kapu. Imodzi mwa zopulumuka zija inangoti khapu, kamodzi. A Mussa anaseka mokweza ngati mwana.

"Ndiye chimadya udzudzu usanamere mapiko? Bwanji a khonsolo sakulemba ntchito chimenechi?"

"Koma mabotolo anali khumi ndi awiri," anatero a Anna, amene sanafune kugonja msanga. "Lina linali lopanda kanthu. Chimenecho chili kuti?"

Tine anaimirira, anapita kukhonde, anatenga kachitini pakati pa maluwa. Kombe anakanda dothi pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi mpaka panatseguka kachipinda kozungulira, kosalala ngati kozira. M'katimo munagona kanthu koyera ngati mkaka, miyendo itapindidwa pachifuwa, timapiko tikuoneka kale m'mbali. Kuwala kutakagunda, kanagwedeza mchira pang'ono.

"Ni yamene ija ya meno," anatero Kombe. "Yachoka mu manzi, yamanga nyumba, yagona. Pakapita masiku izauka chikumbu, izabwelela ku manzi."

Ngakhale a Anna anasendera. Kombe anabwezera dothi mosamala.

"Anna," anatero a Mussa, "mankhwala pano palibe. Chimene chilipo n'chakuti tamuwonongera mwana wa eni ntchito yake. Mnyamata, zitatu zatsalazi zikuthandizani?"

Kombe anazengereza. "Manamba yasokonezeka, batata. Siningazibe kuti iyi ni iti. Na chidzenje chayamba kuuma." Anayesa kumwetulira. "Koma palibe mulandu. Bamayo sibanazibe."

A Anna analowa m'nyumba. Patapita nthawi Tine anamva kulira kwa makapu aja a maluwa abuluu, amene amatuluka m'kabati abusa akabwera basi. Mtima wake unayamba kuvina. Pothira madzi osamba m'manja, anagwada pafupi ndi Kombe.

"Unaziba mailo?" Kombe anafunsa za dzulo lake chapansipansi, maso ali m'beseni.

"Ee."

"Sunaniuze."

"Ninayopa kuti siuzabwela."

Kombe anapukuta manja nthawi yaitali kuposa mmene pankafunikira. "Nikanabwela," anatero.

* * *

Tiyi anamwedwa ndi mabanzi. A Mussa anali atamasula tayi, ndipo ankamutchula mlendo wawo kuti aKombe.

"Tsono tandiuzani, aKombe, zonsezi mathero ake n'chiyani? Mukawerenga ubweya wa m'miyendo, ndiye kuti chiyani?"

Kombe anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Analiyala patebulo. Panali chojambula chonga mtengo, nthambi zikugawikana, kunsonga kulikonse kuli dzina lachilendo.

"Ni mutengo wa chibululu, batata. Uyu na uyu ni ba mimba imozi. Uyu aoneka monga beve, koma ni wa patali. Bakulu banganame na maonekedwe, koma bana sibanama."

Maso a a Mussa anawala. Pa zinthu zonse za padziko, chimene ankachikonda kwambiri chinali kulongosola chibale.

"Ndiye ngati ife! Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi, kudzagwira ntchito kumgodi ku Kabwe. Mng'ono wawo anapitirira mpaka ku Wankie. Lero ana a ku Wankie mukakumana nawo amalankhula Chindebele, simungawadziwe. Koma tayang'anani makutu!" Anakoka khutu lawo lotambalala. "Makutu ndi omwewa. Tinenenji, tembenuka aone."

"Ababa!"

Onse anaseka, ndi a Anna omwe. Tine anabisa nkhope m'chitenje, ndipo mkati mwa chitenjemo anathokoza Mulungu. Anaganiza kuti Katete wapita.

Chala cha a Mussa chinkatsika papepala, nthambi ndi nthambi, mpaka chinafika patsinde.

"Apa pali ndani?"

"Kholo yao bonse. Chikumbu chakudala maningi, zaka mamiliyoni."

"Mitundu yonseyi, kholo limodzi?"

"Ee, batata. Pang'ono pang'ono bana banasiyana."

"Nanga pansi pake?"

"Pepala yasila, batata, koma mutengo upitiliza. Ukumana na vikumbu va pa mutunda, ukumana na vidoyo vinangu."

"Mpaka kuti?"

Tine anatulutsa nkhope m'chitenje. Ankawadziwa mawu amenewa. Anali mawu amene bambo ake amafunsira ana a kalasi ya ubatizo Loweruka m'mawa, ofatsa, osathamanga. Anayesa kumuyang'ana Kombe kuti amuchenjeze, koma Kombe anali ataweramira pepala lake.

"Mpaka vamoyo vonse, batata."

A Mussa anachotsa chala papepala.

"Nanga ife anthu? Tilipo pamtengo umenewu?"

Apa Kombe anadzutsa mutu. Anaona nkhope ya a Mussa, anaona ya a Anna, kenako anaona ya Tine. Tine anamupempha ndi maso. Akanangonena kuti iye amadziwa za zikumbu zokha. Akanangoseka n'kunena kuti zimenezo n'za aphunzitsi. Palibe akanamutsutsa.

"Tilipo, batata," anatero Kombe. "Patali, koma tilipo."

"Mumapemphera, aKombe?"

"Ee, nipempela. Ine niona kuti Mulungu ndiye anabyala mutengo."

"Ine ndimaphunzitsa ana kuti munthu anaumbidwa payekha, ndi manja. Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa zimenezo." A Mussa sanakweze mawu. Anapinda pepala lija m'mapindo ake omwe, analibweza ndi manja awiri. "Simunandinamize, ndipo chimenecho ndachilemekeza. Mukanatha kutero."

Kenako anatembenukira kumphasa.

"Nanga iwe, mwana wanga? Miyezi iwiri wakhala ukumva zimenezi. Ukuti bwanji?"

Yankho lopulumukira linali pafupi, lalifupi, ndipo mayi ake ankamugwedezera mutu kuti alinene. Koma Tine anali atangomva Kombe akukana kunama, ndipo iye anali atamubisira kale kamodzi dzulo lake. Komanso, pansi penipeni pamtima, ankadziwa kuti mafunso amenewa sanabwere ndi Kombe. Anayamba kalekale m'kalasi ya sayansi, ndipo ankapita nawo kukwaya, n'kubwera nawo, osauza munthu.

"Ndikadaganiza, ababa," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

A Mussa anayang'ana makapu a maluwa abuluu, anayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba.

"Akanakhala mankhwala, tikanaitana abusa, tikanapemphera, bwenzi atatha," anatero. "Izi zili m'mutu. Chabwino. Ukaganizire ku Katete. Basi ndi ya Lachisanu."

"Abambo," anayamba a Anna.

"Ndanena. AKombe, mwatichezera bwino. Mabotolo anu mutenge."

Tine sanalire pamaso pa anthu. Anasonkhanitsa makapu, analowa nawo m'nyumba, anawaika patebulo bwinobwino, kenako anaima kuseri kwa katani.

Anamuona Kombe akutuluka pageti, mabotolo atatu atawapanikiza pachifuwa, madzi akukhavukira pajekete ya eni. Pamsewu anaima. Anayang'ana kumanja kumene kumaima maminibasi, ndipo Tine anadziwa chimene ankaganiza: ku Kalingalinga mabotolo sangalowe nawo.

Geti la kwa a neba linatseguka. Chrissie anatuluka atasintha diresi, akupukuta manja.

"Ba Kombe, muzavutika navo mu basi. Letani kuno, kwatu malo yaliko." Anamwetulira. "Muzanipunzisa chabe mwamene vidyela. Ine nipunzila musanga."

Kombe anatembenuka n'kuyang'ana nyumba ya a Mussa. Anayang'ana chitseko, anayang'ana zenera. Tine anagwira katani, ndipo chimene chinkafunika chinali kungoikoka pang'ono kuti amuone akupukusa mutu. Koma kumbuyo kwake bambo ake anali atalowa, ataima pakhomo la pabalaza, akumuyang'ana.

Dzanja la Tine linakhala pomwepo. Kombe anadikira, anadikiranso. Kenako anapereka botolo loyamba m'manja mwa Chrissie.